Amock Malegeni ndi Dzanja Losokedwa pa Mimba

Pa msewu wotuluka m'boma la Lundazi kulowera ku Magodi pali mtengo wa mango umene pansi pake sipamera udzu chifukwa cha girizi. Pamenepo ndiye pa ntchito pa Amock Ngulube, wokonza njinga. Mukafunsa za a Ngulube anthu akulozerani makomo angapo, poti a Ngulube kuno ndi ambiri, koma mukangoti "kwa aMalegeni" aliyense akulozerani mango uja osaganiza kawiri.

Malegeni ndi mphira zija timadula ku machubu otha ntchito n'kumamangira katundu pa njinga. Anthu ena onse amamangira matumba a chimanga, makala ndi nkhuku. Amock ankamangira moyo wake wonse. Chitseko cha nyumba yake chinkatseguka pa malegeni m'malo mwa mahinjesi. Mpando wa alendo unali ndi miyendo inayi imene inkagwirizana chifukwa cha malegeni basi. Wailesi, chogwirira cha ketulo, khola la nkhuku, keliyala ya njinga yake yomwe, zonse zinali bii ndi mphira. Ngakhale Baibulo la m'nyumbamo, limene chikuto chake chinathothoka kalekale, linali lokulungidwa ndi legeni kuti Genesis asasiyane ndi Chivumbulutso.

Anabadwira ku Chikomeni, m'banja la alimi a fodya, ndipo abale ake amati matendawa anamuyamba ali wamng'ono. Sukulu anaisiyira pa giredi seveni, osati chifukwa cha umbuli, koma poti nzeru zake zonse zinatsikira m'zala. Anabwera ku boma ali mnyamata, ndi sipanala imodzi ndi mpukutu wa machubu akale, nakhala pansi pa mango uja mpaka imvi zinamupeza pomwepo. Tsiku la ukwati wake nsapato ya kumanzere inayasama m'mawa womwewo. Iye anaimanga ndi legeni, napaka polishi pamwamba, nakalowa nayo m'tchalitchi mutu uli m'mwamba. Mkwatibwi, Yunike wa kwa Mvula, anaiona nsapatoyo ali pa guwa, ndipo amati pomwepo anadziwiratu mtundu wa banja limene ankalowa.

Chiphunzitso cha Amock chinali chachifupi. Chinthu chikasweka, manga. Chikatupa, manga kwambiri. Ndipo pa njinga sankalakwa. Tayala likatupa mbali imodzi, chubu chikusuzumira panja, wina aliyense akanati gulani latsopano. Amock ankaphwetsako mpweya, n'kukulunga potupapo ndi legeni mpaka patasalala, ndipo mwini njinga ankakafika ku Magodi n'kubwerako.

Analinso munthu waulemu, tisamunamizire. Kasitomala akamupatsa chake, Amock ankawerama pang'ono n'kuomba m'manja mothokoza, "Yewo chomene, adada." Akulu a mpingo ankawaombera m'manja, apongozi ankawaombera atagwada, ngakhale wogulitsa zitumbuwa ankalandirako kaphokoso ka m'manjamo. Munthu yekhayo amene sanamveko manja a Amock akumuombera anali Yunike. Si kuti ankamuda, ayi. Kungoti mkazi amene wakhala naye mpaka mwana wawo Olipa kukula ndi kukwatiwa, Amock ankamuwerengera pamodzi ndi denga ndi makoma, zinthu zimene munthu sazithokoza. Yunike ankagulitsa matimati ndi nshawa, ndiwo mtedza, ku msika, ndipo nkhaniyi sankaitchula, ngakhale inkamukhudza.

Tsoka linabwera chaka china dzinja litangotha, nthawi imene zigayo sizipuma. Amock anapita kukagayitsa, ndipo anapeza lamba wa chigayo akuterereka, anthu ali pa mzere manja lende. Palibe anamupempha. Anangotulutsa legeni m'thumba, poti sankayenda wopanda, nati vutoli ndi laling'ono. Mwini chigayo anakuwa kuti dikirani ndizimitse injini. Amock anayankha kuti kuzimitsa n'kutaya nthawi. Lamba uja anamugwira dzanja lamanja, nasenda khungu lonse la kumbuyo kwa dzanja kufikira pa tsinde la chala chachikulu, mpaka mitsempha yoyera yoyendetsa zala inaonekera poyera. Ku chipatala cha pa boma anamutsuka, namumanga, namutumiza ku Chipata tsiku lomwelo.

Kumeneko anakumana ndi Dokotala Petronella, mtsikana wa msinkhu wa Olipa, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka. Dokotalayo anayang'anitsitsa dzanja lija nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi pakati pa Amock ndi Yunike.

"Atate, mvelani bwino. Zala zanu zili na moyo, koma zilibe chophimba. Tikazisiya so, misempha iyi izauma, ndipo dzanja lizakhala monga chikuni. Manje tizatenga khungu la pa mimba panu, pamodzi na mafuta yake, tizaphimba nalo apa."

"Chigamba," anatero Amock, nkhope ikuwala koyamba chichokereni ku chigayo. Apa anaona kuti akulankhula ndi mnzake wa ntchito.

"Inde, chigamba. Koma ichi ni chamoyo, chifunika magazi. Tikachidula chonse pa mimba chizafa. So tizadula mbali zitatu chabe, mbali imodzi izakhala yolumikizika ku mimba kuti chizidya kumeneko. Dzanja ndiye lizapita ku mimba. Tizalisokelela pamenepo masabata atatu."

Amock anayang'ana Yunike kuti aone ngati nayenso wamva zomwezo. Yunike anali atagwira pakamwa.

"Nanga sulushoni yake ni yotani, adokotala? Chigamba sichigwila chopanda sulushoni."

Dokotala anaseka, nati zomatira zake thupi limapanga lokha. Anafotokoza kuti chilonda chikakhala chatsopano chimakwiya: chimatupa, chimatentha, chimagunda. Mkwiyo umenewo ndiwo umaitana tizinthu ta m'magazi timene timayeretsa pachilonda, ndipo tikafika timaitananso timitsempha ta magazi tatsopano, tating'ono kuposa tsitsi, kuti timere kuchokera m'dzanja kulowa m'khungu lachilendolo. Timitsemphato tikakwana, khungu limayamba kudya za m'dzanja, ndipo pamenepo ndi pamene amadula ku mimba.

"So kutupa pang'ono na kutentha musakuope, ni chizindikilo chakuti nchito iyenda. Musathowe na madzi otentha, musatemele, musagule mapilisi ochotsa kutupa pa kantemba, fodya musakoke. Ndipo musapanikize na chilichonse. Mukaona mafinya, fungo, olo thupi lonse latentha, thamangani ku chipatala. Koma choopsa maningi ni ichi: khungu likazizila."

Mawu amenewa Amock anawamvera pamwamba, poti maganizo ake anali akadali pa nkhani yosokedwa. Yunike ndiye anawameza onse. Dokotala anamugwira dzanja namuphunzitsa kuyesa kutentha kwa khungu ndi kumbuyo kwa zala. Yunike anati zala zake zinauma ndi ntchito, sizimva bwino, iye adzayesa ndi tsaya monga ankachitira ndi Olipa ali khanda. Dokotala anati tsaya ndiye labwino koposa.

Opaleshoni inayenda bwino. Amock anadzuka dzanja lake lamanja litakhazikika m'munsi mwa mchombo, ngati munthu amene wakhuta ku ukwati. Mu wodi sanakhalitse. Atayamba kuyendayenda ankangoona zinthu zofuna kumanga, ndipo manesi atamupeza akulimbana ndi gudumu la bedi la wodwala mnzake ndi dzanja lamanzere, anakauza dokotala. Mabedi analinso ochepa. Anamulola kupita kwawo, bola azikaonetsa ku chipatala cha pa boma kwa Sista Norah, amene anali atauzidwa zonse pa foni.

Buluku silinkatheka kumanga, poti lamba ankadutsa pomwe panali dzanja. Choncho Amock Ngulube, bambo wolemekezeka, anakwera minibasi ya ku Lundazi atavala chitenje cha mkazi wake cha maluwa ofiira, jekete litangokoloweka pa mapewa. Kondakitala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nafunsa mwaulemu ngati m'mimba mwavuta, kuti amukhazike pafupi ndi chitseko. Mayi wina wa mpando wa kumbuyo ananong'oneza mnzake kuti anthu ogulitsa fodya ndi momwe amagwirira ndalama zawo. Amock anangoyang'ana pa windo ulendo wonse, manyazi atamugwira mpaka m'makutu.

Kunyumba ndiye kunali chionetsero. Anthu a kuno wodwala samusiya yekha, ndipo wodwala wosokedwa dzanja pa mimba sangamusiye ngakhale atawapempha. Ankabwera ndi nthochi, ena ndi mapemphero, ambiri ndi maso chabe. Aliyense akati "Monile, adada," Amock ankafuna kuomba m'manja mwa chizolowezi, dzanja lamanzere n'kumangopalasa mphepo lokha. Kudya ankamudyetsa Yunike, kusamba Yunike, kumanga chitenje Yunike. Munthu amene moyo wake wonse ankakonzera ena zinthu tsopano sankatha kudzikanda pamsana, ndipo izi zinkamupweteka kuposa chilonda.

Dzanja linatupadi monga ananenera dokotala. Khungu la pa mimba lija linafufuma pamwamba pa dzanja, lonyezimira, lotentha, likugunda mogwirizana ndi mtima. M'mawa uliwonse Yunike ankagwada, n'kuvundukula nsalu, n'kuika tsaya lake pamenepo. "Lili moto," ankatero mokondwa, n'kunyamuka kukasesa. Alendo sankakondwa nawo. Wina anati athowe ndi masamba otentha, wina anati akudziwa munthu wotemera bwino ku Chikomeni, wina anatulutsa mapilisi m'thumba la malaya. Yunike ankawathokoza onse bwinobwino, n'kuwaperekeza mpaka ku msewu pamodzi ndi malangizo awo.

Tsiku lina anamupeza mwamuna wake atakhala duu, maso ali pa mwendo wa mpando wa alendo. Sankayang'ana mpando. Ankayang'ana legeni, kenaka dzanja lake, kenaka legeninso. Yunike anamudziwa munthu wake. Tsiku lomwelo anatenga mpeni nayendera nyumba yonse. Anamasula chitseko, mpando, wailesi, ketulo, khola, keliyala, nasonkhanitsa malegeni onse m'thumba, nakalisungitsa kwa mnzake wa ku msika. Nyumba ya a Ngulube inayamba kugwa pang'onopang'ono. Chitseko anachitsamiritsa ku khoma, wailesi inakhala chete mabatire atagwa, ndipo nkhuku zinayamba kugona kumene zafuna.

Mawa lake kunabwera Philemon, mnzake wa mu mpingo, amenenso ankakonza njinga ndipo masiku amenewo anali atasendeza zida zake kufupi ndi mango uja, akuti pofuna kusungira malo m'bale wake. Yunike asanamuchenjeze, Philemon anadzigwetsa pa mpando wa alendo. Miyendo inayi ija, imene inali itakhala pamodzi mokakamizidwa zaka zonsezi, inabalalika uliwonse kwake. Amock anaseka mpaka ulusi wa pa mimba unamukoka. Philemon anadzuka akudzisansa, ndipo mwina pofuna kubweza, anapempha kuona dzanja.

"Yayi, a Ngulube, izi zatupa maningi," anatero akupukusa mutu. "Imwe mudziwa mweka tayala ikafika apa chimene chichitika. Kuli munthu wina ku Magodi mwendo unatupa so. Anamudula."

Philemon anapita, koma mawu ake anatsala. Tinene zoona, Amock anachita mantha. Sanali mantha a ululu. Ankaopa kukhala pansi pa mango uja ndi dzanja limodzi, akuyang'ana Philemon akumanga masipoko a makasitomala ake. Ankayang'ana chotupa chija n'kumaona chubu chimene chatsala pang'ono kuphulika. Dokotala anali mwana wa dzulo, Yunike ankadziwa matimati, koma zotupa iye ndiye anazigwira moyo wake wonse, ndipo sanaonepo chotupa chimene chinapola pochisiya.

M'mawa wina Yunike akukonzekera kupita ku msika, poti matimati sadikira wodwala, Amock anamuitana mofatsa ndi dzina la kwawo.

"ANyaMvula, nipatsenikoni Baibulo. Nifuna kuwelengako pamene muli ku msika."

Yunike anaima ndi dengu pa mutu. Mwamuna wakeyu Baibulo ankangolinyamula Lamulungu, kulitsegula ayi. Mtima wake unasungunuka. Anatsitsa dengu, nalipukuta fumbi bukulo, naliika pa miyendo ya bambo wa Olipayo.

"Chiuta ni wamkulu, awiske Olipa. Mwina chigayo chija chinali na cholinga."

Anapita ku msika akuimba nyimbo ya kwaya. Sanakumbuke n'komwe chimene chinkagwira Genesis ndi Chivumbulutso.

Amock sanachedwe. Anamasula legeni lija, masamba a Baibulo nakhuthukira pa mphasa. Anavundukula nsalu, nalowetsa nsonga ya mphira pa kampata ka pakati pa dzanja ndi mimba, nsonga ina ataluma ndi mano. Anakulunga mmene amakulungira tayala, kuyambira m'mphepete kubwera pakati, akukoka bwino pa mzere uliwonse. Ndi dzanja lamanzere lokha, inali ntchito yoti anthu akanabwera kudzaonera. Atamaliza chotupa chija chinali chitasalala. Patapita kanthawi kugunda kuja kunaleka, kutentha kunachoka, ululu womwe unazirala. Amock anapumira m'mwamba, nabwezera nsalu ndi chitenje pamwamba. Anakondwa kwambiri moti anatoladi tsamba limodzi la Masalimo n'kuliwerenga.

Yunike anabwerako dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa mtima sunkamukhazikika. Anapeza mwamuna wake akumwetulira.

"Lelo nili bwino maningi, aNyaMvula. Ululu wonse wasila."

Yunike anayang'ana nkhope yowalayo, nayang'ana masamba a Baibulo ali mbwee pa mphasa, ndipo dengu linagwa lokha. Anagwada, nakoka chitenje, naona mphira yakuda itazungulira ntchito yonse ya dokotala. Sanakuwe. Anamasula mfundo ndi mano, navundukula mzere ndi mzere. Khungu linali lophwatalala, lotuwa, ndi mizere ya mphira itadindika. Anaikapo tsaya.

"Lazizila," anatero. Mawu ake anali aang'ono moti Amock anachita kuwerama kuti amve. "Awiske Olipa, lazizila monga mwala wa ku dambo."

Pamenepo ndi pamene mawu a dokotala aja anafika m'mutu mwa Amock, mochedwa ngati basi ya nthawi ya mvula. Kumwetulira kunatha.

Chipatala chinali kutali kwa munthu wopindika, ndipo galimoto panalibe. Yunike anatulutsa njinga, koma keliyala inali lende, poti iye mwini anaimasula masiku apitawo. M'nyumba monse munali legeni limodzi lokha, ndipo linali m'manja mwake. Anamangira keliyala ndi lomwelo, mwaukali, mfundo pamwamba pa mfundo. Anakhazika mwamuna wake cham'mbali, poti wovala chitenje sangatangadze, nakwera iye n'kuyamba kupalasa.

Njira ya ku chipatala imadutsa pa mango uja. Philemon ndi makasitomala onse anaimirira kuona aMalegeni atakhala chachikazi pa keliyala, chitenje cha maluwa chikuuluka, dzanja limodzi pa mimba, lina litagwira chiuno cha mkazi wawo. Wina anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya Yunike analeka. Amock sanaone aliyense. Maso ake anali pa msana wa mkazi wake, pamene thukuta linkadetsa bulauzi, ndipo ankamva mmene ankapumira pa chitunda. Mayiyu sanali mtsikana, ndipo iye sanali wopepuka.

Sista Norah anali mayi wonenepa wosachedwa kulankhula. Yunike atamufotokozera, anayang'ana Amock pamwamba pa magalasi.

"Mwamanga na chani?"

"Na legeni, asista."

"Chifukwa?"

"Linatupa."

"Atate, imwe ndimwe njinga?"

Sista anamugoneka, nakonza dzanja kuti mbali yolumikiza ku mimba isapindike, nafunditsa bulangete. Anatenga singano nabaya pang'ono pakati pa khungu lija. Sipanatuluke kanthu. Anaimbira foni Dokotala Petronella, ndipo zimene dokotala ananena za Amock sista sanazibwereze zonse. Anangoti tidikire, ngati magazi abwerera tiona, ngati sabwerera ndiye kuti chigamba chafa ndipo zonse ziyambirenso, mwina ndi zala zochepa.

Anadikira. Yunike anakhala m'mphepete mwa bedi. Sista anabayanso, panatuluka kadontho kakuda. Anapita kukaona odwala ena, nabwerako, nabayanso. Ulendo uno kadontho kanali kofiira. Posakhalitsa Amock anayamba kubuula, nkhope itakwinyika.

"Mayo ine, layambanso kugunda! Asista, liwawa!"

"Liwawe," anatero Yunike, misozi ikutsika. "Liwawe maningi."

Pofika madzulo dzanja linali litatupanso bwinobwino, lotentha, lonyezimira, ndipo Amock ankaliyang'ana ngati mwana amene anasochera wabwerera. Kachigawo kakang'ono ka m'mphepete, cha ku chala chaching'ono, sikanadzukenso. Kanada, ndipo sista anakadula patapita masiku. Kunyumba sanamulolenso kupita. Anamusunga mu wodi momwemo, ndipo Sista Norah analamula kuti chilichonse chotamuka chichotsedwe pafupi ndi bedi lake.

Nthawi itakwana anabwerera ku Chipata. Dokotala Petronella anaona pamene panafa paja, nayang'ana Amock, Amock nayang'ana pansi. Kenaka dokotala anati asanadule ayenera kuyesa ngati khungu layamba kudya za m'dzanja. Anatsegula kabati natulutsa kachubu ka mphira kofewa, nakazunguliza pa mbali ija yolumikiza khungu ku mimba, nakoka, namanga.

Amock anatong'ola maso. "ANyaMvula, mwaona? Legeni! Adokotala nawo amanga na legeni!"

"Ine nimanga pa malo yake, pa nthawi yake, ndiponso kwa kanthawi chabe," anatero dokotala osatukula mutu. "Manje njila ya ku mimba natseka. Ngati khungu ili likhala lotentha, ndiye kuti timisempha twamela, lidya za m'dzanja. Ngati lizizila, sitidula."

Amock anaiwala za kupambana kwake. Ankayang'ana chigamba chija, chimene anatsala pang'ono kuchipha ndi manja ake. Dokotala anatambasula dzanja kuti akhudze, koma anaima, nayang'ana Yunike.

"Amai, yesani ndimwe. Chipangizo chanu chija ndiye chinapulumutsa dzanja ili."

Yunike anagwada monga ankachitira m'mawa uliwonse, naika tsaya lake pa khungu lija. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, maso atatseka, mpaka Amock anayamba kuganiza zoipa.

"Lili moto," anatero.

Anamudula mawa lake. Dzanja linachoka pa mimba, koma phewa ndi chigongono zinali zitazolowera moti kwa masiku angapo linkabwerera lokha pomwe linkakhala. Kumbuyo kwa dzanjalo kunali kachitumbuwa ka khungu la pa mimba, kofewa, kokhala ndi titsitsi take. Mpaka lero kakadalipo, ndipo a pansi pa mango amati nthawi yokolola, Amock akanenepa, kachitumbuwako kamanenepa nawo, poti sikanaiwale kumene kanachokera. Sipanala amaigwira bwinobwino. Matayala otupa amawamangabe ndi malegeni, ndipo amakafikabe ku Magodi.

Koma ine chimene ndimakumbukira ndi tsiku limene anafika kunyumba kuchokera ku Chipata. Chitseko chinali chikadatsamira ku khoma, nkhuku zili pakhonde. Yunike anamubweretsera madzi akumwa m'kapu, monga anachitira kosawerengeka chikwatirane. Amock anatambasula manja onse awiri, lamanja lili ndi mabandeji ake, nalandira. Anamwa, naika kapu pansi. Kenaka bambo uja, buluku lake atalivalanso, anatsika pa mphasa nagwada pamaso pa mkazi wake mmene ankagwadira kwa apongozi okha.

"ANyaMvula," anatero. "Yewo. Yewo chomene."

Anatukula manja kuti aombe. Yunike anadumpha nagwira lamanja lija m'mwamba lisanakumane ndi linzake.

"Imwe! Ulusi ukalimo! Mufuna kuononganso?"

"Nifuna chabe kukuombelani m'manja."

"Muzaomba likapola," anatero Yunike, akupukuta m'maso ndi phewa chifukwa manja ake onse anali atagwira dzanja lija. "Nayembekeza zaka zonsezi, siningalephele kuyembekeza ulusi."

Sanalisiye msanga. Analikweza pa tsaya lake, ngakhale panalibenso chifukwa choliyesera.